Msana wa Mkamwini

Anamumenya kumbuyo kwa mutu pa dambo la Kamzati, dzuwa litangotuluka. Munali mu Ogasiti wa 1956. Gladson Chimkwita anali atatsika pa njinga kuti aikankhe pamchenga. Nkhope sanaione. Anangomva udzu ukuphwanyika, kenako mdima.

Wachifwambayo njinga sanaifune. Anadula chingwe cha pa kaliyala n'kunyamula bokosi lachitsulo lokha.

M'bokosimo munali satifiketi, chopimira m'chifuwa, malaya oyera ndi mapepala a ntchito yatsopano. Pa satifiketi Gladson anali wothandiza dokotala, koma kwa anthu a kufupi ndi Nsaru, kumene ankagwira pa kachipatala ka mishoni, anali adokotala basi. Ntchito yakunja anaifunafuna mpaka kutopa. Ku Harare anamukana. Ku Tanganyika sanamuyankhe n'komwe. Pomaliza chipatala cha pa mgodi wina wa kopa ku Northern Rhodesia chinamulandira, koma chinanenetsa kuti akwere lole ya kampani pa Namitete tsiku limenelo. Akaiphonya, malo apita kwa wina.

Amene anamupeza anali mayi Esinati Nabanda, wamasiye wa m'mudzi wa Kamzati, akupita kudimba. Sanakuwe. Anavula duku, anamanga nalo balalo, anaimitsa ngolo ya chimanga, n'kulamula amuna awiri kuti atsitse matumba, amugoneke Gladson m'ngolomo, n'kupita naye ku kachipatala kaja.

Masana Sajeni Alick Kachingwe anafika pa kachipatalako ndi Landirova ya polisi. Gladson anali chikomokere, koma anzake a pantchito anafotokoza za bokosi ndi za lole ya pa Namitete. Sajeni anatembenukira kwa Esinati.

"Mwaona munthu, mayi?"

"Ndaona magazi ndi njinga."

"Bokosi?"

"Chingwe chokha, chodula ndi mpeni. Wakuba wanji wosiya njinga yatsopano? Ameneyo amadziwa zimene zili m'kati."

Sajeni anathamangira ku Namitete, Esinati atakwera nawo kumbuyo chifukwa anakana kutsala. Kalaliki wa lole anadabwa ndi funsolo.

"Adokotala a Chimkwita? Akwera bwinobwino m'mawa uno. Ndawakhazika kutsogolo, pafupi ndi dalaivala. Munthu waulemu zedi. Andipimanso chifuwa ulere."

"Lole ili kuti?"

"Igona pa Fort Manning. Ikawoloka malire kukacha."

Sajeni anakanda mutu. Mapepala a nthawi imeneyo analibe chithunzi. Mwini wake sankatha kulankhula. Wakubayo akangowoloka, kumugwira kukanafuna makalata a miyezi, ndipo ntchito ya Gladson ikanakhala itapita kale.

"Pafunika mboni yodziwa adokotala enieni," anatero.

"Nanga ine ndakwereranji? Tiyeni."

"Ndi kutali, mayi. Munayendapo pa galimoto?"

"Ndayamba lero. Kodi imaluma?"

Msewu unali wa fumbi ndi mabampu. Panjira Sajeni anafunsa chimene chikuwapweteketsa chonchi pa munthu amene si mbale wawo.

"Chaka chatha mdzukulu wanga Tisiyenji anadwala chibayo, mvula ili pakati," anayankha Esinati. "Mtsinje unali utadzaza. Adokotalawa anawoloka madzi ali m'khosi, jekeseni ataisenza pamutu. Mwanayo lero akuthamangitsa nkhuku."

"Bambo ake a mwanayo alipo?"

"Alipo, a Masautso. Mkamwini wanga. Ankamanga mabala pa kachipatala komweko, anawachotsa chifukwa chobaya anthu jekeseni m'midzi mwamseri. Dzulo atsanzika kuti akukafuna ntchito ku Chitedze. Dimba ndikulima ndekha, mkamwini ali moyo."

Anafika pa Fort Manning dzuwa litapendeka. Esinati anali atachita chizungulire, choncho Sajeni anawasiya m'galimoto kuti apume.

Lole inali pansi pa mitengo ya mango. Amuna opita ku migodi anali atakhala pamzere, ndipo munthu wa malaya oyera ankawatsegula zikope mmodzimmodzi, chopimira m'chifuwa chikulendewera m'khosi.

"Ndinu a Chimkwita?"

"Ndine. Mukudwala, a Sajeni?"

"A Chimkwita agona ku Nsaru, mutu wong'ambika."

Munthuyo anaseka. "Ndiye kuti tilipo awiri. Mapepala ndi awa. Ndifunseni za mankhwala alionse."

Sajeni anafunsa. Mayankho anabwera osadodoma: mlingo wa kwinini, kasokedwe ka bala, dzina la sisitere wa pa mishoni. Msilikali wa pamalire anayang'ana mapepalawo n'kuwabweza.

"Palibe cholakwika apa, a Sajeni. Musatichedwetsere anthu."

Nthawi yomweyo chitseko cha Landirova chinatseguka. Esinati anatsika, anakonza nsalu yake, n'kuyamba kuyenda m'kanjira kolowera ku loleko.

Wa malaya oyera uja anali pakati pa mawu. Sanawamalize. Dzanja linavula chipewa lokha. Miyendo inapatuka m'kanjira, inalowa m'maudzu. Anatembenuka, anapereka msana, n'kunjuta pansi. Thupi linachita zimene linazolowera mutu usanaganize.

Amuna a pamzere anaphulika kuseka. Onse anali akamwini kwinakwake, ndipo aliyense anadumphirapo m'thengo chomwecho.

"Eee! Adokotala akumana ndi apongozi!"

"Bisalani bwino, achimwene, malayawo akuoneka!"

Sajeni sanaseke. Anatambasulanso pepala la kampani.

"Apa alemba kuti a Chimkwita ndi wosakwatira. Nanga manyaziwa mukuchitira ndani?"



Esinati anaima. Anayang'ana nthawi yaitali. Mawu ake anatuluka owongoka.

"Nkhope yake sindingalumbire, a Sajeni. Sindinaiyang'anitsitsepo, mwambo sulola. Koma msanawu ndimaudziwa. Chikwatirire mwana wanga Febe, ndimauona kumunda, kuchitsime, kuseri kwa nkhokwe. Phewa lakumanzerelo lotsika. Awa ndi a Masautso Kalilombe."

Masautso analankhula akuyang'ana udzu, monga mkamwini amachitira, kudzera mwa munthu wina.

"A Sajeni, auzeni amayi kuti ndimafunira banja lomweli. Ntchitoyi ndimaitha. Chosowa ndi pepala lokha."

"A Sajeni," anatero Esinati, "afunseni bambo a Tisiyenji kuti anawoloka mtsinje uja ndani, mwana wawo akubanika."

"Auzeni kuti sindinafune kupha."

"Auzeni kuti magazi ake ali pa duku langa."

"Auzeni aganizire Febe. Akanena kuti sakundidziwa, zithera pompano."

Apo Esinati anachita chimene amuna onsewo anali asanaonepo. Analowa m'maudzumo, anazungulira, n'kukaima kutsogolo kwa mkamwini wake. Kuseka kunatha. Ena anayang'ana kumbali.

"Dzutsa mutu, Masautso."

Anadzutsa. Kanali koyamba kuti maso awo akumane.

"Basi, ndakuona. Ukamwini wathera pano. A Sajeni, mangani."

Unyolo unalira. Bokosi analipeza pansi pa mpando wa dalaivala, ndipo mpeni wodulira chingwe unali m'thumba la malaya oyera aja.

Mlandu unazengedwa ku khoti la ku Lilongwe. Esinati anaima m'bokosi la mboni osanjenjemera. Febe anakhala kumbuyo, mwana ali pamiyendo, ndipo sanayang'ane mayi ake mpaka khoti kutuluka. Masautso anamupatsa zaka zisanu akugwira ntchito ya kalavula gaga.

Ntchito ya Gladson sinatayike. Kapitawo wa lole anakafotokoza zonse ku mgodi, Sajeni anaimbanso lamya, ndipo kampani inati imudikira achire. Lole itabweranso pa Namitete mvula isanayambe, Gladson analipo, chipsera chili kuseri kwa khutu.

Esinati anabwera wapansi, atasenza kathumba ka mtedza wokazinga. Febe ankatsatira patali pang'ono, atagwira Tisiyenji padzanja. Kanali koyamba kuyenda ndi mayi ake chichokere ku khoti.

Gladson anagwada pafumbi, anthu onse akuona.

"Amayi, munanditola padambo. Munandibwezera dzina. Mwataya mkamwini chifukwa cha ine. Ndingathokoze bwanji?"

"Dzukani, mudetsa buluku. Mkamwini anadzitaya yekha." Anakoka Tisiyenji n'kumuimika patsogolo. "Kuthokoza kwanga ndi uyu, akuyenda ndi miyendo yake. Munayamba ndinu."

Febe anagwada nayenso, mawu ali pansipansi. "Muyende bwino, adokotala. Mutikhululukire."

"Palibe mlandu pa inu, amayi a Tisiyenji."

Dalaivala analiza hutala. Kalaliki uja nthawi ino anayang'ana mapepala, anayang'ana Gladson, kenako anatembenukira kwa Esinati.

"Mayi, ndi omwewa, eti?"

"Ndi omwewa," anatero Esinati. "Awa ndimawadziwa nkhope."