Maluwa Amene Anakana Magetsi

Herlinda Quijada anakhoma geti la munda wa maluwa wa banja lawo nthawi itadutsa 11 koloko usiku, ali yekhayekha, manyazi atamugwira. Galimoto yake anali atapita nayo mchimwene wake Chuy kukagoneka bambo awo, ndipo amalonda onse anali atabalalika. Anakoloweka chikwama paphewa n'kuuyamba wapansi ulendo wa mamailosi awiri wopita kwawo ku Tres Pozos.

Tsikulo linayamba bwino, inu. Kwathu kuno ku Arizona, Juni akamatha, aliyense amakhala tcheru kudikira Mfumukazi ya Usiku. Chaka chonse chomeracho chimangooneka ngati tinkhuni touma tobisala pansi pa zitsamba, moti mlendo amachiponda osadziwa. Koma pali usiku umodzi wokha pachaka pamene maluwa ake onse amatseguka pamodzi, ndipo dzuwa likangotuluka amafota, basi mpaka chaka chamawa. Ntchito ya mwini munda ndi kuyeza timphukira tsiku ndi tsiku n'kulengeza usikuwo. Bambo ake a Herlinda, a Nazario, anagwira ntchitoyo zaka zoposa makumi asanu osaphonya. Chaka chino inali nthawi yoyamba ya Herlinda, ndipo m'mawa analengeza molimba mtima kuti ndi lero.

Anthu anabwera, si masewera. Magalimoto a manambala akutali anandanda m'mbali mwa msewu, odzaza ndi alendo ofiira ndi dzuwa, aja amaima paliponse pamene pali chikwangwani, ngakhale kukajambula mwala. Panali oyimba magitala, ogulitsa matamale, chakudya cha ufa wa chimanga chokulunga m'makoko, ogulitsa zipewa.

Koma Herlinda sankasamala za alendo. Mtima wake unali pa munthu mmodzi. A Nazario anali atagonekedwa m'chipatala ku Tucson, ndipo dokotala anawalola kutuluka usiku umodzi wokha, abwerere 7 koloko m'mawa. Dokotalayo sanapite m'mbali: Juni wina sadzamuonanso. Maso awonso anali atachita ng'ala. N'chifukwa chake mwana wawoyo, pofuna kuti aone bwino komaliza, anabwereka magetsi anayi akuluakulu ndi jenereta, n'kuwalitsa munda wonse kuti ngwee ngati masana. M'zaka zonsezo anthu ankangoyendamo ndi timatochi.

Anadikira. Mkuluyo anakhala panjinga yake ya odwala maola anayi, kachubu ka mpweya kali m'mphuno. Timphukira tinangokhala tofumbata ngati zibakera za khanda.

"Mayi, ife tayenda mamailosi mazana anayi kudzaona nkhuni?" anafunsa bambo wina wa kabudula, anzake n'kuseka.

Zimenezo zinamupweteka, komabe n'zopiririka. Chimene chinamulasa ndi mawu a bambo ake pamene Chuy ankawakweza m'galimoto. Anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Zimachitika, mwana wanga."

Magetsi anawasiya akuyaka chifukwa amalonda anasiya matebulo awo mommo.

Msewu wakale wopita ku Tres Pozos sukhalanso ndi magalimoto usiku chitsegulireni msewu waukulu. Phula linali likutulutsabe kutentha kwa masana, kukulowa m'nsapato. Kutali chakum'mwera mphezi zinkang'anima popanda kugunda. Nkhandwe zinkalira kumapiri, nkhululu zili pakalapakala m'zitsamba. Herlinda ankayenda akuwerenga zolakwa zake. Mwina anayeza molakwika. Mwina akanadikira mawa. Nanga mawalo bambo ake adzakhala kuti? Analira pang'ono, poti panalibe womuona.

Pakati pa ulendowo pali sitolo yakale imene kale inkagulitsa miyala yokongola ndi madzi ozizira kwa apaulendo. Inatsekedwa iye ali mwana. Patsogolo pake paima buluzi wasimenti wamkulu ngati basi, wothyoka mchira, amene makolo ankakwezapo ana pojambula zithunzi. Tsidya lina la msewu kuli manda a tauniyi, mitanda yake yovekedwa maluwa apulasitiki. Herlinda anadutsapo kambirimbiri moyo wake wonse osaganiza kanthu.

Atafika pamthunzi wa buluziyo, nkhululu zinasiya.

Sizinasiye imodziimodzi. Zonse pamodzi. Nkhandwe nazo zii.

Anaima. Anamva mtima wake wokha ukugunda. Kenako kunabwera kamphepo kozizira, kozizira zenizeni, m'mwezi umene ngakhale pakati pa usiku munthu amatuluka thukuta. Kanamudutsa m'khosi. Thupi lonse linachita tsemwe.

Anayesa kuponya phazi. Linakana.

"Wachedwa, mwanawe."

Mawuwo anachokera kumanzere... pafupi kwambiri.

Pa geti la manda panaima mtsikana. Mphindi yapitayo panalibe munthu. Anali wa zaka mwina makumi awiri ndi zisanu, tsitsi loluka limodzi lofika m'chiuno, diresi lamaluwa losokedwa mwachikale, kumapazi jombo zachimuna. Pachibwano panali chipsera chaching'ono. Kunalibe mwezi, koma Herlinda ankamuona bwinobwino, ndipo chimenecho ndicho chinamuopsa koposa.

Mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri kutchedwa mwanawe ndi kamtsikana! Tsiku lina akanakayankha. Koma osati usiku umenewo.

"Ndinu... ndinu ndani? Galimoto yakuferani?"

Mtsikanayo anamwetulira, akumuyang'ana ngati mmene amayi amayang'anira mwana amene wavala malaya motembenuza.

"Kodi iwe ungavule kuti usambe, anthu atakuunika ndi nyali zinayi?"

Sanadikire yankho. Anawoloka msewu n'kulowera kuseri kwa sitolo. Herlinda sanafune kumutsatira. Miyendo inangopita yokha.

Kuseriko ndi miyala yokhayokha. Nsapato za Herlinda zinkati tswa, tswa, tswa. Jombo za mtsikanayo... zii. Analowa pakati pa zitsamba zaminga, zija zimang'amba ngakhale buluku la jinzi. Diresi lake silinakodwe. Nthambi sinagwedere ndi imodzi yomwe.

Mayo ine, anatero Herlinda mumtima. Uyu si munthu.

Anafuna kukuwa. Mawu sanatuluke. Anafuna kupemphera. Pemphero analiiwala.

Kenako fungo linamupeza.

Linali lokoma, lolemera, lodzaza chifuwa, fungo limene analidziwa kuyambira ali kumsana. Anakweza maso.

Chigwa chonse kuseri kwa sitoloyo chinali mbee! Pansi pa chitsamba chilichonse panali duwa loyera, lalikulu ngati chikhatho chotambasula, lina apa, ena atatu apo, mpaka kumene maso amalekezera. Palibe anawadzala, palibe ankawathirira, palibe ankadziwa kuti aliko. Ena anali akutsegukabe iye akuona, pang'onopang'ono, akunjenjemera. Agulugufe ausiku aakulu ngati timbalame ankauluka kuchoka pa lina kupita pa lina. Mantha aja anamuchokera osadziwa kuti achoka liti. Anagwada pamiyalapo, misozi ikungoyenderera, poti chibadwire anali asanaonepo chinthu chokongola chotero.

Ndiye kuti sanalakwitse. Usiku wake unali womwewo.

Mtsikana uja anakweza dzanja n'kuloza kumbuyo kumene Herlinda anachokera. Kumeneko thambo linali lowala ndi magetsi a m'munda.

"Maluwa ako akudikira mdima," anatero. "A Nazario sanagone. Uwaike pafupi ndi chitsime chakale."

Herlinda anatembenuka kuti afunse kuti bambo akewo akuwadziwa bwanji.

Panalibe munthu. Nkhululu zinayambiranso.

Anthu amati munthu wamkulu sathamanga, koma usiku umenewo Herlinda analiyatsa liwiro la mtondo wadooka, chikwama chikumumenya kumsana. Anafika pageti ali wefuwefu, makiyi akumupulumuka m'manja. Anathamangira pa jenereta n'kuithimitsa.

Mdima bii. Makutu anachita kulira ndi bata.

Anakhala pansi pafupi ndi chomera chimodzi. Mphindi khumi zinadutsa, palibe chinachitika. Nyenyezi zinayamba kuoneka, zambiri zedi. Mphindi makumi awiri. Anayamba kudzifunsa ngati mutu wake ukuyenda bwino. Bambo ake ankakonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ali mtsikana mawuwo ankamunyansa. Anadekha.

Kamphukira kamene kanali pafupi ndi bondo lake kanagwedera. Nsonga yake inang'aluka, mkati mukuoneka zoyera.

Anakwawira mu ofesi mumdima momwemo n'kuimba foni kunyumba.

"Iwe Linda, ukudziwa kuti ndi nthawi yanji?" anatero Chuy ndi mawu atulo. "Wachititsa kale manyazi banja lonse, tsopano ukufuna utilandenso tulo?"

"Tseka pakamwa umve. Maluwa akutseguka. Uwadzutse bambo ubwere nawo, ndipo ukafika pageti uzimitse nyali za galimoto."

Chuy anayankha tulo titamuthera.

"Kuwadzutsa kwake kuti? Akhala pabedi chivalire nsapato. Ndawauza katatu kuti agone, akuti akudikira."

Chuy ndi Chuy basi, sangasunge nkhani. Podutsa pa motelo analiza hutala mpaka alendo onse anadzuka. Pofika 2 koloko magalimoto anali akulowa mwakachetechete, nyali zozima, anthu akutsika atavala zogonera. Palibe anawauza kuti asalankhule. Anangofika, n'kuona, n'kusowa chonena. Munda wonse unali utayera, maluwa mazana atatu, fungo lake mpaka kumsewu. Bambo wa mamailosi mazana anayi uja anaima manja ali pamutu, kamera ikulendewera pamimba, osaikhudza n'komwe.

Herlinda anakankha njinga ya bambo ake mpaka pa chitsime chakale, kumapeto kwa munda kumene alendo safikako. Pamenepo pali chomera chakale kuposa zonse, ndipo usikuwo chinali ndi maluwa khumi ndi anayi. Mkuluyo anachotsa kachubu m'mphuno n'kukoka mpweya wautali. Anatambasula dzanja n'kukhudza duwa limodzi.

"Ndikuwaona," anatero. "Pa magetsi paja sindimaona kanthu, maso amangowawa. Koma pano ndikuwaona."

Herlinda anagwada pambali pawo, chimwemwe ndi chisoni zitamusakanikira. "Mundikhululukire, bambo. Magetsi aja ndinaikira inu."

"Ndimadziwa. N'chifukwa chake sindinanene kanthu. Nanga wakuuza ndani kuti uzimitse?"

Anawafotokozera zonse: sitolo yakale, chigwa choyera, mtsikana wa jombo zachimuna. Chuy, amene anaima kumbuyo, anayamba kuseka, koma anasiya ataona nkhope ya bambo ake.

"Tsitsi loluka limodzi?" anafunsa a Nazario.

"Eya, lofika m'chiuno."

"Pachibwano?"

"Chipsera chaching'ono, apa."

Mkuluyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Chinamutema ndi chingwe cha chitsime chino. Jombozo ndi zanga, ankati zake zimalowa minga. Ameneyo ndi Amparo. Ndisanakwatire mayi anu ndinali ndi mkazi. Munda uno anadzala ndi iyeyo, ine ndinkangonyamula madzi. Usiku wa maluwa ngati uno anapita wapansi kukaona a kutchire kuseri kwa sitolo, ndipo lole inamugunda pamsewu paja. Papita zaka makumi asanu ndi ziwiri. Manda ake ndi oyamba ukangolowa pageti."

Herlinda anamva kuzizira kuja kukumubwerera m'khosi. Chuy anadzilemba mtanda.

"Bwanji simunatiuze, bambo?"

"Mayi anu ankadziwa. Ndiwo ankasesa pamandapo." Anapukuta m'maso ndi chala chachikulu. "Tsopano tapitani uko kuli anzanu. Mundisiye pano pang'ono."

Anamvera. Atayenda mapazi khumi, Herlinda anacheuka.

Kunalibe mphepo ngakhale pang'ono. Koma m'kanjira kochokera kugeti maluwa ankawerama limodzi ndi limodzi, motsatana, kulowera kuchitsime, ngati akukhudzidwa ndi diresi la munthu wodutsa. A Nazario anavula chipewa n'kuchiika pamwendo. Kenako ananyowetsa zala ndi malovu, n'kuyamba kukonza tsitsi lawo.