Mayi wa Mumphika

Chimene Tening anayamba kuona chinali mbale. Madzulo alionse banja lonse linkadya mpunga wa nsomba m'mbale imodzi yaikulu, aliyense akukumba mbali yake, koma mbali ya Dibor, mkazi mnzake wamng'ono, inkatsala ngati panalibe munthu. Dzanja linkapita ndithu m'mbalemo, koma chimene latapa chinkathera m'kansalu ka pamiyendo. Dibor anali ndi pathupi potopa. Mimba inkakula, mwini wake akutha.

"Mpunga wangawu ukununkha, mwana iwe?" anafunsa Tening. "Kapena kwanu mumadyera mphuno?"

"Ndakhuta, akulu."

"Wakhuta mphepo?"

Mudzi sunachedwe kupeza yankho lake. Tening ndiye ankaumba miphika imene asodzi amamiza m'nyanja nyengo yoletsa usodzi, kuti yaranka, chilombo chofewa chija cha mikono isanu ndi itatu, iziikiramo mazira. Pachitsime amayi ankanong'onezana kuti wodziwa kuumbira chilombo nyumba sangalephere kuumbira mnzake manda. Ena ankati anamuona akutapa dothi pamene Dibor anaponda. Waly, mwamuna wawo, anamva zonsezo.

"Chikangomuchitikira chinthu mwanayu, utenge dothi lako uzipita kwanu," anauza Tening osamuyang'ana.

"Ndimufunenji ine kamkazi kanu kamaso ngati kadzidzi? Mukafunse kumene kamapita inu mukuliza mkonono."

Tening sanangolankhula mwaukali chabe. Anali atamva kangapo chitseko cha Dibor chikulira pang'onopang'ono mumdima, kenako mapazi opepuka akutsikira kumatanthwe. Kukacha, nsalu ya Dibor inkapezeka yonyowa m'munsi, ikununkha mchere. Tsiku lina posesa, Tening anamva kukanda pansi pa bedi la mnzakeyo, ndipo atavundukula chikho chimene chinali pamenepo anapeza nkhanu zamoyo, zonse zazikazi, mimba zodzaza mazira. Koma chimene chinkamuimitsa tsitsi chinali phokoso lobwera kuseri kwa khoma anthu onse atagona, lofewa, losaleka: fuu... fuu... ngati munthu akuuzira moto umene sufuna kuyaka.

Usiku wina wopanda mwezi Tening anamutsatira Dibor. Nyanja inali itabwerera kutali, mafunde akumveka ngati akupuma m'tulo, ndipo ndere za pamatanthwe zinkaterera pansi pa mapazi. Anamupeza atagwada padziwe lobisika pakati pa miyala, atawalitsa tochi m'madzi. Pansi pake panagona mphika, ndipo pamlomo pake panali chizindikiro cha chikhadabo cha Tening. Mkatimo munali yaranka yotuwa, yoonda, mikono itakulunga mazira amene ankalendewera kudenga la mphikawo ngati ngala za mpunga. Inkawauzira madzi mosaleka, pamwamba pa dziwe pakutumphuka pang'ono. Diso lake limodzi linali pa Tening.

"Mfiti ndi ine kapena ndi iwe?" ananong'ona Tening.

"Anauvuula ndi amuna athuwa," anayankha Dibor osatembenuka. "Ankafuna akagulitse mobisa. Nditasuzumira n'kuona mazirawa, mwana anagunda m'mimba muno mpaka ndinakhala pansi. Ndinauba n'kudzaubisa kuno. Ndinalumbira kuti sindidya kufikira mayiyu atadya, kuti tsoka lisagwere wanga. Ndamupatsa nsomba, ndamupatsa mpunga, akungokankha."

"Nanga nkhanu zija?"

"N'za anawo. Akaswa sadya chakufa. Amafuna tiana ta nkhanu tosambira."

Aliyense woumba miphika imeneyi amadziwa kuti yaranka ikayamba kufungatira sidyanso. Imangouzira ndi kuuzira, ikudzidya yokha, ndipo mazira akaswa nayo ntchito yake padziko yatha. Koma zimenezi Tening anamubisira Dibor.

Mawa lake dzuwa likulowa Tening anatsogola yekha kudziwe, n'kumwaza zikamba za nkhanu pakhomo pa mphika, monga imachitira yaranka ikadya. Dibor atafika, Tening anamukoka mkono.

"Ona, chitsiru iwe, wadya mnzakoyu. Tiye ukadye, usandithamangitsitse paukwati."

Dibor sanayatse n'komwe tochi.

"Mukunama, akulu. Akanadya ndikanamva."

Kuyambira pamenepo ankapita awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, osalankhulana. Tening ankanyamula chikho cha nkhanu akung'ung'udza. Masana Waly ankamuyang'ana ndi diso la nkhwezule, ndipo pachitsime amayi ankasuntha mitsuko yawo iye akafika.

Kenako unafika usiku umene madzi a m'dziwe anachita ngati athiridwa mchewere. Tiana tosawerengeka tinkatuluka pamlomo pa mphika, toonekera mkati ngati madzi enieniwo, kalikonse ndi timaso tiwiri takuda, tonse tikuthamangira kuwala kwa tochi. Dibor anakhuthula nkhanu zake m'madzimo. Pambuyo pa tonse, mayi uja anatsetsereka kutuluka mumphika, woyera ngati nsalu ya maliro, nagona pamchenga osagwedezekanso.

Dibor anagwira chiuno n'kubuula. Matenda anamuyambira pomwepo.

Tening anamubereka kumsana mpaka kunyumba, akutukwana mwala ulionse umene anapunthwa nawo, ndipo anadabwa kupepuka kwake. Mwana anabadwa pamene kumzikiti ankaitana pemphero la m'bandakucha, wamkazi, wonenepa, wolira mwamphamvu. Panja Waly ankaseka ndi anzake.

Tening analowa ndi phala la mchewere lothira mkaka wowawasa, nakhala m'mphepete mwa bedi.

"Mwini lumbiro wafa, lumbiro latha. Yasamula, ndilibe tsiku lonse ine."

Dibor sanayang'ane mbale. Anali atapindira manja ndi miyendo yake yowuma mozungulira khandalo, maso ali gwa pa ilo. Milomo yake inasongoka.

Fuu... fuu...

Mpweya wake unkanunkha nyanja. Tening anagwirabe supuni pafupi ndi milomoyo, akumuitana dzina lake lenileni, koyamba chibwerere pakhomopo, mpaka phala linazizira.