Mzere wa pa Zenera la Malipiro

Madzulo a tsikulo kunali kamvula kowaza, kaja kolowa mpaka m'mafupa. Blackson anali pakhonde akusoka chigamba pa malaya. Mkazi wake Anesi ankasenda chinangwa, kamwana kawo Eneless kali kumsana.

Kufakitale ya tiyi kunali zii. Chinali chaka chija dzombe linagwa kuno ku Thyolo, ndipo mzungu mwini esiteti ya tiyiyo anali atadula malipiro osauza munthu. Antchito anakhala pansi nagwirizana chimodzi: palibe wogwira makina mpaka dandaulo lawo liyankhidwe. Sikanali koyamba kudandaula. Chaka ndi chaka ankaima pazenera la malipiro, yankho n'kukhala lomwe lija: "Bwana akuganizabe." Ena anafa bwanayo akuganizabe.

Kutangoyamba kuda anatulukira kapitao Edson. Mpando anaukana.

"A Blackson, masamba akuola kufakitale. Wa ng'anjo youmitsira tiyi ndinu. Mukayatse moto usiku uno, anthu ogwira makina ndawapeza ku Khonjeni, afika m'mawa. Mukakana, dziwani kuti nyumbayi ili pa malo a mzungu. Igwa."

Kapitao atachoka, Anesi anaika mpeni pansi.

"Bambo a Eneless, mvula yonseyi tikagona kuti ndi mwanayu?"

Musafulumire kumuweruza Blackson. Munthuyu anabwera wapansi kuchokera kwa Apwitikizi, ndipo kanyumba kaja ndi kokhako kamene anali nako padziko. Komatu pamsonkhano paja, iye ndiye anakuwa kuposa onse kuti wogwira ntchito mobisa si mnzathu. Mtima wake sunakhazikike. Anagona, anadzuka, anagonanso. Anthu atatseka zitseko, anatenga machesi natuluka monyang'ama ngati wakuba nkhuku.

Sanadzere kumsewu. Analowa m'munda wa tiyi, masamba onyowa akumukwapula m'chiuno. Atayenda pang'ono anamva mapazi kumbuyo. Anaima. Mapaziwo sanaime. Munthu wofunda chiguduli anamudutsa osapereka moni, akufulumira ngati wachedwa. Kenako wina. Kenako mayi wobereka dengu.

Mukudziwa, Blackson sanaope. Mtima unakhala ngati wapepuka. "Ha! Kani tilipo ambiri onyenga," anatero chamumtima. Sanalabadire n'komwe kuti pamene anthuwo ankadutsa, masamba sankagwedezeka.

Atatulukira pabwalo la fakitale anaona mzere. Anthu ali ndandanda, kuyambira pazenera la malipiro mpaka kumulu wa nkhuni za bulugamu. Zeneralo linali lotseka, koma m'ming'alu munkatuluka kuwala. Panalibe wolankhula. Panalibe wotsokomola. Mvula inkagwabe, koma ziguduli zawo zinali zouma gwaa.

Apa mpamene tsitsi linamuimirira. Chitseko cha kung'anjo chinali kuseri kwa mzerewo, ndipo njira ina kunalibe.

"Zikomo, ndidutse nawo."

Bambo wina anatembenuka. Anali amalume ake, a Dickson. Chifuwa chinawatenga dzinja lapitalo, ndipo manda awo anakumba nawo iye mwini.

"Mphwanga, bwana ayankha?" anafunsa m'Chilomwe.

Blackson anangopukusa mutu.

"Basi ima apa. Ndakusungira malo."

Anasendera pang'ono, mpata n'kuoneka kumbuyo kwawo. Ndipo iye, kalanga ine, analowa. Ankati aime kamphindi chabe, pakuti amalume suwakanira pagulu. Mzere unasuntha. Mapazi ake anasuntha okha. Wakutsogolo akafika pazenera ankawerama ngati womvetsera mawu apansipansi, kenako osaonekanso. Kumbuyo kunabwera ena. Wina anamuika dzanja paphewa, lozizira ngati khasu logona panja.

Chitseko cha kung'anjo ankachiona, chapafupi pomwepo. Anakumbuka nyumba. Anakumbuka Eneless. Anati achotse phazi, mzere n'kusunthanso. Aliyense amene anaimapo pamzere wa malipiro akudziwa mmene zimakhalira: ukangochoka, malo ako apita, ndipo mwina yankho likanatulukira pa iwe.

Kutacha anamupeza ali njo pabwalopo, yekhayekha, maso ali pazenera, machesi atanyowa m'manja. Ng'anjo inali yozizira. Kapitao Edson anati munthuyu wabwera kudzaderera mzungu, ndipo dzuwa lisanafike pamutu nyumba ija anali ataigwetsa. Anzake nawo anaona machesi aja, nadziwa chimene anadzera. Kuyambira pamenepo ankamudutsa panjira ngati chitsa.

Anesi anakapempha malo kwa achemwali ake, kunja kwa esiteti, njira ya ku Luchenza. Kumeneko nkhani sinathe. Usiku ankatsekera chitseko ndi mtondo, koma m'mawa uliwonse mwamuna wake ankadzuka miyendo ili matope okhaokha, timasamba ta tiyi tili pakati pa zala. Munthu anaonda mpaka nthiti kuwerengeka. Akulu a mpingo anabwera, anapemphera, anapita.

Dandaulo lija silinayankhidwe. Njala itawapana, antchito anabwerera kumakina ndi malipiro odulidwa omwe aja. Alonda anayamba kukana kulondera mbali ya kuzenera. Kuchitsime amayi ankanong'onezana kuti anthu a pamzere paja sagona m'manda mwawo mpaka atamva yankho, ndipo wamoyo akalandira malo pakati pawo samubweza. Anesi akamva zimenezi ankasenza ndowa yosadzaza n'kuthawa, misozi ili chuchuchu.

Tsiku lina madzulo anapeza mwamuna wake atasamba, atavala malaya a kutchalitchi, nkhope ili mwee ngati kale. Mtima wa Anesi unadumpha ndi chimwemwe. Anati basi, wachira.

Blackson ananyamula Eneless, anamuyang'ana nthawi yaitali, nampereka kwa mayi ake.

"Lero musavutike ndi mtondo, amake Eneless. Amalume anafika pazenera dzulo. Usiku uno pazenera ndine woyamba."