Madzi Oyamba a Padenga

Kunyumba ankamutcha Kachangu. Kudya, changu. Kusamba, changu. Nsapato ankavala akuthamanga. Koma mwana ameneyu!

Kachangu ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna Amayi apume.

Mpopi unali kutali. Amayi ankapita kumeneko m'mawa uliwonse. Ndowa pamutu, khanda kumsana. Pobwera ankayenda pang'onopang'ono.

"Mayo, msana wanga," Amayi ankatero.

Kachangu ankamva chisoni kwambiri.

Abambo anali mmisiri womanga nyumba. Nyumba yawo anamanga okha. Padenga anaika sola. Kuseri anadzala mitengo ndi ndiwo zamasamba. Chaka chino anagula thanki yaikulu.

"Waiona paipi iyi?" anafunsa Abambo. "Mvula ikagwa padenga, madzi adzatsika ndi paipi. Adzalowa mu thanki. Amayi ako adzatunga pakhomo pompano."

Kachangu anadumphadumpha. Anayamba kudikira mvula. M'mawa ankayang'ana kumwamba. Masana ankayang'ana kumwamba.

Tsiku lina anaweruka kusukulu. Kumwamba kunali bii! Abambo anali kuntchito. Amayi anali kumpopi ndi khanda. Pakhomo anali yekha.

Tho! Tho! Tho! Madontho anagwa pamalata. Kenako waaa! Inali mvula yoyamba ya chaka.

Kachangu anathamangira kuseri. Aa! Paipi sinali pakamwa pa thanki. Inaloza kumbali. Madzi ankangotayika pansi.

"Abambo aiwala!" anakuwa Kachangu. "Madzi a Amayi akutha!"

Sanadikire. Sanaganize kawiri. Anakoka mpando n'kukwerapo. Anakankha paipi. Anakankhanso. Paipi inalowa pakamwa pa thanki. Madzi anayamba kuthira, khuthu khuthu khuthu.

Kachangu ananyowa thupi lonse. Koma anali kumwetulira.

Mvula itakata, Amayi anafika. Anatula ndowa. Anatenga kapu n'kutsegula kampopi ka thanki.

Kalanga ine! Madzi anali akuda. Munali fumbi. Munali masamba. Munali nthenga ndi zitosi za mbalame. Ankanunkhanso.

"Fuu!" Amayi anagwira mphuno. "Madzi awa ngakhale ochapira sangatheke."

Mtima wa Kachangu unagunda, di di di.

Madzulo Abambo anabwera. Anayang'ana kapu. Anayang'ana paipi. Anakanda mutu.

"Paipi iyi ndinaiika kumbali dala," anatero. "Madzi oyamba amatsuka denga. Salowa mu thanki. Nanga yafika bwanji apa?"

"Mwina ndi mphepo," anayankha Amayi.

Kachangu anawerama. Anayang'ana zala za kumapazi. Chakudya sichinadyeke tsiku limenelo. Ankachita mantha. Ankachitanso manyazi.

M'mawa Amayi anabereka khanda. Anatenga ndowa. Anagwira msana asananyamuke n'komwe.

Apa Kachangu analephera kupirira. Misozi inatsika.

"Amayi, si mphepo ayi," anatero. "Ndine. Ndimayesa Abambo aiwala. Ndimafuna mupume. Pepani."

Amayi anatula ndowa. Anamupukuta misozi ndi nsalu.

"Iwe Kachangu iwe," anatero Amayi. "Safunsa anadya phula."

Abambo anagwada pafupi naye.

"Nanenso ndinalakwa, mwanawe," anatero. "Ndinakuonetsa paipi. Koma za madzi oyamba sindinakuuze."

"Ndiye thanki yawonongeka?" anafunsa Kachangu.

"Ayi. Yangoda. Tiitsuka."

Anatsegula kampopi. Madzi akudawo sanawataye chabe. Kachangu anathirira mitengo. Anathirira ndiwo zamasamba. Abambo anakwecha m'kati mwa thanki ndi burashi yaitali. Thanki inayera. Koma inali yopanda kanthu. Ukaimenya inkalira, ngo ngo ngo.

"Mvula ibweranso liti?" anafunsa Kachangu.

"Sindikudziwa," anayankha Abambo. "Mvula ilibe wotchi."

Tsiku loyamba kunali dzuwa. Amayi anapita kumpopi.

Tsiku lachiwiri kunali dzuwa. Amayi anapitanso kumpopi. Kachangu anawatsatira ndi kachidebe kakang'ono.

Tsiku lachitatu kunabwera kamtambo. Kachangu anakayang'anitsitsa. Kamtambo kanadutsa osagwetsa dontho.

"Bwanji ngati mvula ija inali yokhayo?" anaganiza Kachangu. "Bwanji ngati siibweranso?"

Mtima wake unali m'mwamba. Kusukulu ankangoyang'ana pawindo. Aphunzitsi anamuitana kawiri, iye osamva.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri linali Loweruka. Onse anali pakhomo. Mphepo yozizira inawomba. Zovala pachingwe zinayamba kuvina.

Tho! Tho! Tho!

"Abambo! Yabwera!" anakuwa Kachangu.

Anathamangira kuseri. Manja ankamuyabwa. Ankafuna kukankha paipi pomwepo. Koma anaika manja kumbuyo.

Abambo anabwera ndi ambulera. Anamupatsa tambula yoonekera m'kati.

"Denga ladanso pang'ono," anatero. "Tunga uone. Iwe ndiye utiuze."

Kachangu anatunga papaipi. Anakweza tambula. Madzi anali ndi fumbi.

"Ayi, sanayere," anatero.

Anadikira. Kudikira n'kowawa, inu! Bwanji ngati mvula ikata tsopano? Miyendo yake inkangopondaponda.

Anatunganso. Munali kachitsotso kamodzi.

"Sanayerebe," anatero.

Mvula inayamba kuchepa. Kachangu anayang'ana Abambo. Abambo anangoyang'ana tambula. Iye analuma mlomo n'kudikirabe.

Kenako mvula inalimbanso, waaa! Kachangu anatunga kachitatu. Anakweza tambula. Anaona nkhope ya Abambo kuseri kwa madzi. Madzi anali mbee!

"Ayera! Abambo, ayera!"

"Kankha tsopano," anatero Abambo akuseka.

Anakankha paipi onse awiri. Khuthu khuthu khuthu! Mvula inagwa mpaka madzulo. Kachangu anagogoda thanki. Sinalire ngo ngo. Inali yodzaza.

Amayi anawiritsa madzi ena. Atazizira, anamwa kapu yonse.

"Eee, koma madzi awa!" anatero. "Thiranso, mwanawe."

M'mawa mwake Kachangu anadzuka dzuwa litatuluka. M'nyumba munali zii. Anasuzumira kuchipinda. Amayi anali m'tulo, khanda lili pambali.

Abambo ananong'ona, "Tiwadzutse?"

"Ayi, Abambo," ananong'ona Kachangu. "Asiyeni agone."

Ndipo anatseka chitseko pang'onopang'ono.