Chiswe Chinamanga Zimene Chinaona

Mwandida anatambasula dzanja, nagwira phiri la kwawo ndi zala ziwiri, nalikoka kuti litalikeko pang'ono. Phiri linamvera. Analipaka mtundu wa mkuwa, natsetsereza mathithi kuchokera pansonga pake, kenaka anatola mwezi wachiwiri n'kuupachika kumadzulo ngati munthu akuyanika chovala. Zonsezi zinkachitika pa khoma lagalasi m'chipinda chake ku Lilongwe, m'chaka cha 2094. Galasi limeneli anthu ankalitcha chiumbazithunzi. Ukalipatsa chithunzi chenicheni cha malo, linkakulola kuchotsa, kuwonjezera ndi kupinda chilichonse ndi chala, mpaka mwini malo n'kulumbira kuti si kwawo.

Pa ntchito imeneyi Mwandida anali katakwe. Anakhala zaka zambiri ku mgodi wa pa mwezi, kumene ankaumba zithunzi zoika m'mawindo kuti okumba miyala asapenge poona fumbi lokhalokha. Ali komweko, amayi ake anamwalira. Chombo chobwera kuno chinkanyamuka mwa apo ndi apo, choncho maliro anangowamvera pa foni. Atatsika, miyendo inali italobodoka, monga amachitira onse ochokera kumeneko, ndipo madokotala anamusunga mumzinda kuti aphunzirenso kuyenda. Chinthu chimodzi chinkamudya mumtima: anali asanaone manda a amayi ake. Ankafuna akagwade pamenepo, awauze kuti wabwera.

Dzinja la chaka chimenecho napolo anatsika m'phiri, nakokolola nyumba zonse za kwa Mphonde, mudzi wa kwawo. Anthu anapulumuka, anathawira kusukulu ya pamtunda. Chimene chinatsala chili chiimire ndi nkhalango ya kumanda yokha, poti mizu ya mitengo yake inagwira nthaka.

Bungwe lomanganso midzi linalonjeza kutumiza chiswe. Musaganize za chiswe chodya denga chija, ayi. Ichi chinali chachitsulo, timakina tating'ono ngati nyemba, miyandamiyanda, tobwera m'migolo. Sichinkafuna simenti kapena njerwa. Chinkadya dothi la pamalo pomwepo, n'kulisandutsa makoma, misewu ndi milatho, dzuwa lisanalowe. Chimene chinkafuna n'chithunzi basi. Uchipatse chithunzi, chidzakumangira zimene chaona.

"Nanga tivutikirenji?" anatero anthu a kwa Mphonde. "Si tili naye mwana wathu woumba zithunzi?"

Ndiye Mwandida anatumiza kandege kukajambula mudzi wonse, naugwira ntchito ndi mtima wake wonse. M'malo mwa matope anaika nyumba zoyera zozungulira, za madenga omwa dzuwa. Pamwamba pa mtsinje anapachika mlatho woonekera ngati madzi, ndipo mwezi wachiwiri uja anauikamonso. Unali mudzi wonga wa kudziko lina, koma njira zake zinali zomwe zija ankayendamo ali mwana. Atamaliza anaimbira malume ake, a Mkwapatira, amene anali mwinimbumba, kuti aone pa galasi la kusukulu.

"Ha! Kwathu kumeneku?" anatero mkuluyo, nkhope itadzaza khoma lonse chifukwa choyandikira. "Iwe Mwandida, kumwezi kuja unkadya chiyani? Nanga mwezi winawu atimangiranso?"

"Ayi malume, umenewo ngokometsera chabe. Chiswe chimamanga zapansi zokha."

"Chabwino, chifukwa umodzi womwewu umatisokoneza kale."

Anaseka onse. Kenaka kuseka kwa a Mkwapatira kunaduka. Anatukula mlomo kuloza kumanzere kwa chithunzi, kumene kunali mitengo yowirira.

"Wajambula kumanda iwe?"

"Ndi kandege kanajambula, malume. Ine sindinakhudzepo."

"Chotsa. Chithunzichi chiyenda m'maofesi, anthu osatidziwa azikachiloza ndi zala zamafuta akudya mandasi. Mlongo wanga wagona pamenepo. Manda saloza, chala chimawola. Nanga kujambula ndiye kuli bwanji?"

Mwandida anachita manyazi, chifukwa anaona kuti malume akunena zoona. Anapititsa chikhatho pa mitengo ija, nkhalango yonse n'kuzimirira. Kuti pasaoneke chigamba, anatenga msipu wa pafupi n'kuuyala pamenepo, bwalo lobiriwira losalala bwino. M'maganizo mwake kunali ngati kufunditsa nsalu.

"Ndi choyamba chija cha kandege ufufutenso," anatero malume. Iye anafufuta, osasiya ndi kachidutswa komwe.

"Wachita bwino. Ukabwera ndikakutenga ndekha. Amayi ako ali pansi pa msuku, moyandikana ndi agogo ako. Chiliza sitinamange, tikudikira iwe."

Amene anabwera ndi migolo ya chiswe anali a Sambo, injiniya wa bungwe lija. Sanali munthu woipa, komatu anabadwira m'nyumba zosanjikizana za mumzinda, monganso makolo ake, ndipo za kumudzi ankangozimvera kwa anzake. Anasonkhanitsa anthu kusukulu, naonetsa chithunzi cha Mwandida pa galasi.

"Tamverani, makolo anga," anatero. "Chiswe chilibe nzeru zosankha. Ngati pali malo amene simukufuna chikhudze, bwerani mudzaloze ndi chala pagalasipa. Pakatuluka mzere wofiira, ndiye kuti chamva."

Mayi wina analoza chitsime, mzere wofiira unatuluka. Wina analoza chitsa cha mtengo wa mango umene anabzala malemu amuna ake. Anyamata analoza bwalo la mpira, anthu n'kuseka. Koma palibe amene anatambasula chala kumanzere kuja. Amayi anayang'ana pansi, abambo anatsokomola. Aliyense ankati mumtima: ngakhale wamisala amadziwa kuti kumanda sakhudza.

A Mkwapatira anaimirira. Anapinda zala zonse, nagunditsa nkhonya pa bwalo lobiriwira lija, monga amachitira munthu wamkulu akafuna kutchula malo amene saloza.

"Apa ndiye mukudziwa kale," anatero motsitsa mawu.

"Inde bambo, ndaona," anayankha a Sambo akumwetulira. Ankayesa mkuluyo akuyamikira udzu. Galasi linkamva nsonga ya chala yokha, nkhonya silinkaiwerengera, ndipo mzere wofiira sunatuluke. Mkulu anakhala pansi mtima uli m'malo. Injiniya naye anatseka galasi mtima uli m'malo. Safunsa anadya phula, koma apa onse awiri analidya limodzi.

Tsiku lomanga, Mwandida anafika m'mawa pa basi youluka, akuyenda ndi ndodo. Anapempha kuti apite kumanda kaye, koma a Sambo anati chigwa chonse chatsekedwa, munthu salowa chiswe chikamagwira ntchito.

"Pirira, mwana wa mlongo wanga," anatero malume. "Wadikira zaka, ulephera kudikira dzuwa lipendeke?"

Migolo itatsekulidwa, chiswe chinakhuthukira m'chigwa ngati madzi akuda. Kunamveka mkokomo wa mvula yobwera patali. Fumbi linakwera n'kuphimba zonse. Mwa apo ndi apo mphepo ikang'amba fumbilo, anthu ankaona khoma likumera lokha kuchokera pansi, denga likudzitseka, mlatho ukutambasuka pamwamba pa mtsinje.

"Mayo ine, nyumba ikukula ndikuiona!" anakuwa mayi wa mango uja, atagwira m'mutu.

"Zimenezi tidzagonamo ife?" anafunsa wina. "Osadzatimeza?"

Dzuwa litapendeka mkokomo unaleka, fumbi n'kukhala pansi. Pamaso pawo panali chithunzi cha Mwandida, chathunthu, chokhudzika. Nyumba zinali mbee, zonyezimira, zoyera kuposa mmene iye anazipakira. Nthungululu zinalira. Anthu anamunyamula m'mwamba mpaka ndodo inagwa.

Ali m'mwambamo ndi pamene anayang'ana kumanzere.

"Nditsitseni," anatero. Sanamumve. "Ndati nditsitseni!"

Mmodzimmodzi anatembenukira kumene iye ankayang'ana, nthungululu n'kumafera m'kamwa. Kunalibe nkhalango. Kunalibe msuku, kunalibe mkuyu waukulu wa pakhomo la manda, kunalibe ndi chitsa chomwe. Kunali bwalo lobiriwira, losalala bwino, ndendende mmene chikhatho chake chinaliyalira.

A Mkwapatira anatsika mtunda akuthamanga, munthu amene anali atasiya kuthamanga kalekale, anthu onse pambuyo pawo. Atafika pa bwalolo anazungulira uku ndi uku, kufuna chulu, mwala, kanthu kalikonse koti kawauze pamene aima. Udzu unali wofanana paliponse.

"Panali pano," anatero. Anayenda pang'ono. "Ayi, panali apa." Anatembenukira kwa injiniya uja. "A Sambo! Ndinakuuzani ine! Pamaso pa anthu onsewa ndinakuuzani!"

"Munandiuza chiyani, bambo?"

"Kuti pano ndi pamanda!"

Nkhope ya a Sambo inasanduka phulusa. Anatulutsa kabokosi kolankhulira ndi Manthu, kompyuta yolamulira chiswe chonse.

"Manthu, pamalo pano panali mitengo. Ili kuti?"

"Sinali pa chithunzi, ndipo sinalozedwe," anayankha Manthu ndi mawu ofatsa, aulemu. "Ndaigaya. Ili m'zitseko ndi m'mafelemu a mawindo."

Mwandida anafika akutsimphina ndi ndodo yake, nalanda kabokosiko. "Mitengo isiyeni. Pansi pake. Anthu amene anagona pansi pake mwawasiya, eti? Mwangoyala udzu pamwamba, eti?"

"Pansi pake panali maenje ambiri ofewa. Bwalo losalala silikanakhazikika, choncho ndinakumba mozama n'kubwezeramo dothi lina. Dothi limene ndinachotsa silinatayike. Linali labwino kuposa lonse m'chigwa muno, linali ndi laimu wambiri."

"Laimu?"

"Inde, wa m'mafupa. Chithunzi chinafuna makoma oyera. Ndi limene ndayeretsera makoma."

Mayi wina anagwa chagada. Wina amene anali atatsamira khoma la nyumba yapafupi anadumpha ngati wagwira moto, nayang'ana chikhatho chake. Anthu anatembenuka pang'onopang'ono kuona mudzi wawo watsopano, nyumba zoyera zikuwala padzuwa, mzere ndi mzere mpaka kumtsinje. Palibe analira msanga.

"Amayi anga," anatero Mwandida. "Anali pansi pa msuku. Ali m'nyumba iti?"

"Dothi ndinalisakaniza kuti mtundu ufanane. Lili m'nyumba zonse."

"Bwezani! Gumulani zonsezi, mubweze mmene zinalili!"

"Ndingathe," anatero Manthu. "Ndipatseni chithunzi cha mmene panalili."

Mwandida anayang'ana malume ake. Malume anayang'ana pansi. A Sambo anafunsa khamu lonse ngati alipo amene anajambulapo malowo, pa maliro kapena tsiku lina lililonse, ngakhale kalekale. Mudzi wonse, anthu okhala ndi mafoni m'matumba kuyambira ali ana, panalibe ndi mmodzi yemwe. Akanajambula bwanji malo amene ngakhale chala sichiloza? Chithunzi chinalipo chimodzi chokha padziko lonse, ndipo anachifufuta Mwandida, ndi chilolezo cha mwinimbumba, pofuna kulemekeza akufa.

"Kalanga ine," anatero a Mkwapatira. Anakhala pansi pa udzu ngati thumba. "Ndimati ndikukubisa, mlongo wanga. Ndimati ndikukufunditsa."

Apo ndi pamene maliro anabuka, a mudzi wonse nthawi imodzi, aliyense kuitana wake. Ena ankafuna kumenya a Sambo, koma injiniyayo anali atagwada kale akulira nawo, ndipo dzanja la munthu silinapeze poyambira. Ena anati athawe, akamange kwina. Koma ungathawe bwanji n'kusiya makolo ako ali chiimire padzuwa?

Mwandida anatola ndodo yake, natsata njira ija ankayenda ali mwana, mpaka pamene panali nyumba ya amayi ake. Panali nyumba yozungulira, yokongola, imene iye mwini anaiumba ndi chala. Anavula nsapato. Miyendo yolobodoka ija inavuta kupinda, koma anagwada ndithu, nagunditsa chipumi pakhoma. Linali lofunda ndi dzuwa.

"Amayi, ndine Mwandida," anatero. "Ndabwera."

A Mkwapatira anafika pambuyo pake, navula chipewa. Anaima pakhomo nthawi yaitali, kenaka anaomba m'manja mwaulemu, nati, "Odi." Anadikira kaye, monga amadikira munthu pakhomo la eni ake, ndipo analowa atawerama.

Anthu a kwa Mphonde akukhalamo m'nyumba zija mpaka lero. Sakhoma msomali pakhoma, sakangana mokweza, ndipo ana sawalola kulembapo ndi makala. Alendo amabwera pa mabasi ouluka kudzaona mudzi wonga wa kudziko lina, koma amauzidwa pa mlatho kuti mafoni abwezere m'matumba. Mwandida anasiya ntchito youmba zithunzi. Ndipo ukafika kumeneko n'kufunsa kuti nyumba ya uje ndi iti, amakuyankha ndi mlomo, chifukwa m'mudzi monsemo mulibenso khoma limene munthu angaliloze ndi chala.