Dziko Losakhuta

Kamphuno analavula mobwerezabwereza kuseri kwa nyumba, koma petulo anakana kuchoka m'kamwa. Anamuwotcha lilime n'kukwera m'mphuno. Dzina loti Kamphuno anam'patsa ndi anzake chifukwa ankamva fungo la sokosi za munthu asanalowe n'komwe m'kalasi, ndiye tsiku limeneli mphuno yakeyo inamulanga kwabasi.

"Usataye nthawi ndi malovu, wayamba kutuluka!" ananong'ona Pulofesa, atagwira paipi imene inalowa m'thanki ya njinga yamoto ya achimwene ake a Kamphuno. "Bweretsa mabotolo."

Pulofesa anali mtsogoleri wa gulu lawo m'kalasi, mnyamata wa magalasi ogula pamsika amene sankatha kulankhula osanena kuti "malinga ndi kafukufuku". Mawa lake kusukulu kunali chionetsero, ndipo aphunzitsi a jogirafe anauza gululi kuti lionetse kusiyana kwa petulo amene mayiko amagwiritsa ntchito. Botolo lililonse linayenera kuimira dziko, n'kuthiramo madzi amtundu molingana ndi manambala a m'buku. Koma Pulofesa anati madzi ndi masewera a ana a mkaka. Wofuna kupambana abwere ndi petulo weniweni, ndipo m'gulu lonselo amene kwawo kunali injini anali Kamphuno yekha.

"Tikungobwereka," anatero. "Chionetsero chikatha tibweza, palibe adziwe."

Achimwenewo anali mtulo m'nyumba masanasana, nsapato zili kuphazi. Anali ataima pamzere wa petulo kuyambira m'bandakucha, dzuwa likuwaphika pakhosi, poti masiku amenewo mafuta ankasowa. Njingayo sinali yawo. Iwo ankangoiyendetsa kunyamula anthu, mwini wake anali bambo wa sitolo ya matayala kumsewu waukulu.

Ana awiriwo anayamba ndi dziko lawo lomwe, kabotolo ka mankhwala a chifuwa, ndipo kanadzadza asanaphethire. Botolo la zakumwa, loimira dziko loyandikana nalo, nalonso silinavute. Kenako Pulofesa anatchera chigubu cha mafuta ophikira, choimira dziko lalikulu la kutsidya kwa nyanja. Chigubucho chinamwa, chinamwa, osafika pamzere umene Pulofesa anajambula. Mapeto ake paipi inangolira kuti khororo, n'kuuma.

"Dziko ili silikhuta," anaseka Pulofesa, akumanga zonse m'thumba kuti akasunge kwawo. Kamphuno sanaseke.

Anasamba m'manja ndi sopo, anatsuka ndi phulusa, anapaka ndimu, koma fungo linamatirira. Achimwene ake atadzuka anapempha madzi akumwa. Atalandira kapu anaiyang'ana, anamuyang'ana iye, kenako anamwa.

M'mawa mwake Kamphuno akusita yunifolomu anamva phokoso panja. Achimwene ake, amene anatuluka kukucha, anali atabwerera wapansi, malaya ali nyowe ndi thukuta. Kumbuyo kwawo kunali mwini njinga, akupukusa kiyi pachala.

"Mayi, mwana wanuyu ndi wakuba!" anakuwa bamboyo kuti anthu oyandikana nawo amve bwino. "Dzulo ndinam'patsa ndalama ya thanki yodzadza. Lero njinga yazima pakati pamsewu, atanyamula mayi wopita ndi mwana kuchipatala. Wagulitsa mafuta anga kwa a zigubu, eti?"

"Sindinagulitse, bwana," anayankha achimwene, maso ali pansi.

"Ndiye anauluka? Akapanda kupezeka pofika masana, njinga ndipatsa wina. Anyamata ofuna ntchito ali mbwee pakhomo panga."

Amayi anaima pakhomo, atagwira tsache m'manja. Njinga imeneyo ndi imene inkagula chakudya pakhomopo, ndi yunifolomu yomwe Kamphuno ankasitayo. Iye anatsegula pakamwa, koma mantha anamutseka. Ananyamula chikwama n'kudutsa chozemba, manja atawabisa m'thumba.

M'kalasi munali modzadza ndi makolo komanso alendo. Magulu ena anali ndi mapu ndi mapiri a dongo, koma anthu anaunjikana patebulo la Pulofesa. Ngakhale mabotolo anali otseka, fungo linali litayamba kale kuyenda. Kamwana kena kanagwira mphuno, mayi wina ankadzipepesa mphepo ndi kope, ndipo aphunzitsi a jogirafe ankanunkhiza uku ndi uku ngati pafa khoswe.

Pulofesa anakankha magalasi ake n'kukonza kukhosi.

"Malinga ndi kafukufuku," anayamba, akusisita chigubu, "dziko ili limamwa petulo ngati madzi. Munthu amayendetsa galimoto kukagula buledi pafupi pomwepa. Tsono taonani ife!" Anakweza kabotolo ka mankhwala, anthu n'kuseka. "Dyera lotereli ndi lonyansa, makolo anga. Iwowa saganiza n'komwe kuti kwina kuli munthu wosauka amene wapsa ndi dzuwa pamzere chifukwa cha kadontho."

Anthu anawomba m'manja. Bambo wina mpaka anati mwana uyu adzapita patali.

Kamphuno anamva ngati petulo uja wabwereranso m'kamwa. Munthu wopsa ndi dzuwa pamzereyo ankamudziwa, anamuona atagona ndi nsapato. Ananyansidwa ndi chigubucho, ananyansidwa ndi pakamwa ponona pa Pulofesa, koma koposa zonse ananyansidwa ndi manja ake amene anali atayamba kuwomba nawo.

Anakankha anzake, ananyamula chigubu, anapana botolo la zakumwa m'khwapa, n'kutsomphola kabotolo kaja m'manja mwa Pulofesa.

"Iwe, ukupita nalo kuti dziko langa?" anakuwa Pulofesa. "Oweruza sanafike!"

"Uwauze malinga ndi kafukufuku wako kuti tinaba," anayankha Kamphuno. "Uyu ndi petulo wa achimwene anga."

"Petulo weniweni m'kalasi mwanga?" Aphunzitsi anagwira kumutu. "Mukufuna kutiwotcha tonse? Tsegulani mawindo! Iwe wa magalasi, ku ofesi. Nawenso mtsikana, undipeze Lolemba ndi kholo lako."

Kamphuno anali atatuluka kale. Chigubu chinkalemera, chogwirira chinkamudula zala, ndipo petulo ankadontha pachitsekero n'kunyowetsa siketi. Anthu m'njira ankamupatukira atakwinya nkhope.

Anapeza achimwene ake atakhala pa tayala lakutha kunja kwa sitolo. Njinga inali pakhomo, ndipo mnyamata wina wachilendo anali atayamba kale kupukuta mpando wake. Kamphuno anatula katundu pamapazi a mwini njinga n'kufotokoza zonse. Bamboyo anatsegula chigubu, ananunkhiza, anapukusa mutu.

"Mayiko m'mabotolo! Sukulu za masiku ano," anatero. Anaponyera kiyi achimwene aja. "Koma makasitomala a m'mawa wonsewu wataya ndiwe, osati ine."

Achimwene anathira chigubu m'thanki mosamala, osataya ngakhale dontho. Anathira botolo la zakumwa. Kamphuno anawapatsa kabotolo ka mankhwala.

"Aka ndiye ndani?"

"Ndife, achimwene."

Anakatsanulira, ndipo sikanamveke n'komwe kugwa m'thanki.

"Pepani," anatero Kamphuno, atangoti zyoli. "Ndinaopa kunena."

"Ndinadziwa dzulo lomwe," anayankha akutseka thanki. "Kapu unandipatsa ija inkanunkha petulo."

"Nanga bwanji simunanene pamene amakutchulani wakuba?"

"Ndikanatchula dzina la mlongo wanga pamaso pa anthu onse aja? Khoswe akakhala pamkhate sapheka."

Anaponda njinga, inatsokomola kenako inalira. Masiku onse akakumana naye panjira ankati kwera, ngakhale atanyamula munthu. Lero anangovala chipewa chawo n'kulowa mumsewu kukasaka makasitomala. Kamphuno anatola chigubu chopanda kanthu n'kuyamba ulendo wapansi wopita kunyumba, siketi ikununkha, utsi wa njingayo ukumulowa m'mphuno.