Goli la pa Benchi Yomaliza

Aphunzitsi a Chingerezi anali ndi chizolowezi chimodzi chimene eni akewo sankachidziwa: maso awo ankathera pa benchi yachitatu. Akafunsa funso ankayamba ndi benchi yoyamba, n'kupita yachiwiri, n'kufika yachitatu, kenako maso aja ankabwerera pabolodi ngati kuti kumbuyoko kunali khoma. Sanali munthu woipa. Ankafika nthawi yabwino, ankachonga makope onse, ndipo sankakwapula mwana. Koma ana anawapatsa dzina loti a Lamulo, chifukwa nkhani iliyonse ankaimaliza ndi mawu omwewomwewo: "Lamulo ndi limodzi kwa aliyense."

Pa benchi yomaliza, pafupi ndi zenera losweka, pankakhala mtsikana amene anabwera pakati pa teremu. Banja lake linachokera kudziko lina, ndipo pasukulupo panalibe amene ankamva chiyankhulo cha kwawo. Cha kuno ankachimva ndithu, koma akati ayankhule lilime linkapunthwa, anzake n'kumaseka. Ndiye anangosiya. Anamutcha Chete.

M'kalasimo munali goli. Kanali kathabwa kofanana ndi chikhatho cha mwana, kobooledwa pamwamba, kokhala ndi chingwe chovalira m'khosi. A Lamulo ndi amene anakabweretsa pofuna kuti ana azolowere Chingerezi. Womveka akuyankhula chiyankhulo china ankavala golilo, ndipo ankalivula pokhapokha akagwira mnzake, monitala atachitira umboni. Amene belu lomaliza lamupeza ali nalo ankatsala kusesa kalasi ndi khonde lonse, ndipo m'mawa mwake ankayamba nalo.

Chete analilandira tsiku lake lachitatu. Mnyamata wina anamuponda chala ndi nsapato, iye n'kufuula m'chiyankhulo cha kwawo. Kalasi yonse inafa ndi kuseka. Monitala anabwera akuzunguza chingwe chija pachala.

"Takulandirani, alendo," anatero. "Nayi mphatso yanu."

Mawu amenewa sanawanene m'Chingerezi, koma palibe amene anaona vuto.

Poyamba Chete ankayesetsa kulichotsa. Tsiku lina pampopi anapeza atsikana awiri akukangana za chipeso m'chiyankhulo cha kuno, mokweza ndithu. Anavula goli lija.

"Ndakumvani," anatero.

"Wamva chiyani?" anafunsa wamtaliyo, manja ali m'chiuno. "Monitala, iwe wamvapo kanthu?"

Monitala anali chapompo, akutsuka m'manja. "Ine makutu anga ali pa holide," anayankha. Onse atatu anaseka.

Kuchokera tsiku limenelo ana anaphunzira kusamala. Chete akayandikira, macheza ankazima ngati wailesi yatha mabatire. Ngakhale ana amene sankamuda ankamuthawa, chifukwa kukhala naye pafupi kunali kuputa tsache. Pa buleki ankakadyera kuseri kwa thanki ya madzi, kumene kunkangomveka kudontha kwa paipi. Belu lomaliza likalira ankamva mapazi akutha pang'onopang'ono mpaka sukulu yonse kuti zii. Kenako ankakweza mabenchi, n'kuyamba kusesa kuchokera kumbuyo. Anadziwa benchi imene inali ndi msomali wong'amba siketi, ndiponso amene ankataya makoko a zipatso pansi pa desiki. Ankawadziwa anzakewo ndi zinyalala zawo.

Kunyumba sananene za golilo. Ankalibisa pansi penipeni pa chikwama. Ankakhala m'chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa shopu yomata matayala, iye, mayi ake ndi kamlongo kake ka zaka ziwiri. Mayi ake ankatsuka mbale kulesitilanti kuyambira fili koloko masana, ndipo panalibe wina womusiyira mwana kupatula Chete.

Lolemba lina anathamanga njira yonse, fumbi la m'kalasi lili mbuu m'tsitsi. Anapeza mayi ake ataima pakhomo, nsapato atavala kale, mwana ali m'chiuno.

"Abwana anena kuti ndikachedwanso ndisaonekenso," anatero mayiwo m'chiyankhulo chawo. "Tsiku lililonse ukuti mumasesa. Sukulu yanji yophunzitsa tsache? Tsache lilipo pano. Mawa supita."

Chete analandira mwanayo. Sanatsutse. Chimene chinamudabwitsa n'choti mtima wake unapepuka.

Lachiwiri a Lamulo analowa m'kalasi n'kuponda pepala la bisiketi. Pansi ponse panali mapepala ndi zosongola za mapensulo. Asanafunse, anamva mnyamata wina akuuza mnzake za mpira m'chiyankhulo cha kuno, mopanda mantha n'komwe.

"Goli lili kuti?" anafunsa.

"Lapita ndi mwini wake, aphunzitsi," anayankha monitala.

"Mwini wake? Goli lili ndi mwini?"

Ana ena anaseka mobisa. A Lamulo anaitanitsa kope limene monitala ankalembamo osesa. Anatsegula tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Kwa masabata asanu dzina linali limodzi, ndipo silinali dzina lenileni. Monitala ankangolemba kuti Chete.

Anakweza mutu. Maso awo anadutsa benchi yachitatu, yachinayi, mpaka yomaliza. Anaona zenera losweka, ndi katoni imene munthu wina anaikapo kuti itchinge mphepo. Pa benchipo panalibe munthu. Anachita kutsegula kaundula kuti apeze dzina la mwanayo.

"Ndani amadziwa kumene amakhala?"

Palibe anakweza dzanja.

Ataweruka, a Lamulo anakafunsa kuofesi, n'kuyenda mpaka anapeza shopu ya matayala ija. Asanakhote pakona anamva mawu amphamvu a mtsikana, othamanga ngati madzi, m'chiyankhulo chimene iwo sankachimva. Anasuzumira. Chete anali atandandalitsa zitini zitatu pansi, kamlongo kake katakhala kumbuyo kwa zitinizo. Anali ndi kamtengo m'manja, akuyenda uku ndi uku, kuloza chitini choyamba, chachiwiri, chachitatu. Kamwanako kankakweza manja onse awiri, koma iye ankakadumpha dala. Kenako anatukula chibwano n'kunena m'Chingerezi chomveka bwino, ndi mawu a aphunzitsiwo ndendende: "Lamulo ndi limodzi kwa aliyense!"

Kamwana kaja kanaseka mpaka kugwa chagada.

"Odi," anatero a Lamulo.

Kamtengo kanagwa. Mayi ake anatuluka ali ndi epuloni m'manja. Chiyankhulo cha kuno ankachiyankhula modukiza, koma sankachita nacho manyazi.

"Lowani, aphunzitsi. Mpando ndi umodzi, khalani inu."

M'chipindamo munali bedi, mbaula ndi tebulo limene linagwedera a Lamulo atangoikapo chikwama. Anapempha Chete kuti atulutse goli. Mtsikanayo anazengereza, kenako anapisa m'chikwama chake n'kuliika patebulo.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa mayi ake.

A Lamulo anafotokoza zonse, osabisa. Mayiwo anamvetsera akutembenuza kathabwako.

"Ndiye kuti avule, ayenera kumva mnzake akuyankhula?"

"Inde, mayi."

"Nanga munthu amene anzake samuyankhula, amva ndani?"

A Lamulo anatsegula pakamwa. Mawu awo a masiku onse aja anafika pamilomo. Anawameza.

"Ndinalakwitsa ndine," anatero. Kenako anatembenukira kwa Chete n'kumutchula dzina lake lenileni. "Sindikulonjeza kuti mawa onse akukonda. Zimenezo sindingathe kulamula. Koma goli latha, ndipo kusesa kuziyenda motsatira kaundula, aliyense tsiku lake. Monitala ndiye ayamba."

"Ine sindidana ndi sukulu," anatero mayi ake akumanga epuloni. "Azifika pano hafu pasiti thuu, basi. Koma asankhe yekha. Khosi limene linavala ichi ndi lake, si langa."

A Lamulo anatambasula dzanja kuti atenge golilo, koma mayiwo analigwiritsitsa.

"Limeneli lisiyeni. Walivutikira mwanayu."

Anawerama, n'kulilowetsa pansi pa mwendo wamfupi wa tebulo. Anagwedeza tebulolo. Linali nji.

"Mwaona? Lapeza ntchito."

Atafika pakhomo, a Lamulo anaima. "Kodi kwanu mumati bwanji mukafuna kupepesa?"

Chete ananena motsitsa. A Lamulo anayesa kubwereza, lilime n'kupunthwa pakati penipeni. Kamwana kaja kanawaloza n'kuseka. Anayesanso, n'kulephera pomwe paja.

"Ayi, aphunzitsi," anatero Chete. "Mukuthamanga. Yambaninso."

Kachitatu anakhoza, ngakhale kuti sanakhoze kwenikweni. Nkhope yawo inali itatuluka thukuta.

"Ndi mawu amodzi okha amenewa," anatero akudzipukuta. "Iwe umanyamula ambirimbiri tsiku lililonse."

Anapita. Mayi a Chete nawonso anathamangira kuntchito. Kamlongo kake kanagona pabedi katakumbatira chitini. Kunja amisiri ankamenya tayala ndi chitsulo, ndipo Chete anakhala pampando uja kwa nthawi yaitali.

Anaganiza za pampopi paja, za macheza ozima, za kuseri kwa thanki. Goli linali pansi pa tebulo, inde, koma atsikana a chipeso aja adzakhala alipobe mawa. Pano panali bata. Pano palibe amene ankaseka lilime lake. Anayang'ana zitini ziwiri zimene zinatsala pansi zija, ndi malo amene kamlongo kake kanakhala kakukweza manja osaonedwa.

Anakumbukira kuti kumapeto kwa benchi yachitatu kunali mpata. Ankaudziwa bwino chifukwa ankausesa tsiku lililonse. Mtsikana wamtali uja ankaikapo chikwama chake kuti pasakhale munthu.

Chete anaimirira. Anatenga chikwama chake, n'kuchikutumula pakhomo mpaka fumbi lonse la masabata asanu linatuluka. Analongedzamo makope, rula, pensulo ndi buku la Chingerezi pamwamba. Mawa adzalawirira, geti isanatsegulidwe, ndipo wamtaliyo akadzafika adzapeza pampata paja pali munthu. Chikwama chake adzachipezera malo ena.

Anatseka zipi, n'kupachika chikwamacho pa msomali wa kuchitseko.